Nkhaniyo Sinathere Pageti la Chipatala

Mwezi ndi theka unali utatha chitulukireni m'chipatala, koma Wayilesi anali asanapondeko kusukulu. M'mawa umenewo mayi ake anaima pakhomo la chipinda, tepi yoyezera ili m'khosi, akuyang'ana mwana wawo atadzipinda pabedi, nkhope italoza kukhoma.

"Iwe, anzako adutsa kalekale. Yunifolomu ndakusitira ine. Tadzuka."

"Mutu ukundipweteka."

"Mutu womwe uja wa dzulo ndi dzana?"



Mayiwo anaima pang'ono, kenako anabwerera kumakina awo mtima ukuwawa. Anthu onse ankangowaitana kuti Atelala, chifukwa kwa zaka makumi awiri anali akusoka m'kachipinda ka kumaso kwa nyumba yawo, koyang'ana kumsewu. Munali makina awiri, tebulo lodulirapo nsalu ndi benchi la makasitomala. Dzina la mwanayo nalonso silinabwere mwangozi ayi. Mtsikanayu, wa zaka 16, ankayamba kulankhula asanasukusule n'komwe: za aphunzitsi, za mpira wa manja, za galu wa aneba. Bambo ake, amene ankayendetsa lole pa maulendo ataliatali, akafika pakhomo ankafunsa moseka kuti, "Kodi chozimitsira chili pati?" Koma tsopano mawu a mwana yemweyo anali "eya" ndi "ayi" basi. Chakudya ankangochitosatosa, siketi inayamba kumukulira, anzake akabwera ankati awauze kuti wagona. Atelala ankaona ndi maso awo kuti mwana akuwapulumuka m'manja, koma pomugwira sankapadziwa.

Chimene chinachitika n'chakuti Wayilesi anatenga mimba ya mnyamata wa kusukulu komweko, ndipo sanauze munthu kupatula mwini mimbayo. Mnyamatayo, mantha atamugwira, anamubweretsera mankhwala ogula kwa munthu wosadziwika bwino, n'kumuuza kuti amwe, zithe. Masana ena Atelala anamupeza mwana wawo atakomoka m'bafa, atataya magazi ambiri. Anathamangira naye kuchipatala, madokotala anamupulumutsa, ndipo anagonako masiku anayi. Tsiku lotuluka, atafika pageti, Atelala anamugwira dzanja mwanayo.

"Tamvera. Madzi akatayika saoleka. Nkhani imeneyi yathera pageti pano. Ine sindidzakufunsa, iwenso usadzaitchule. Bambo ako tiwauza kuti anali malungo."

Tisafulumire kuwaweruza mayiwa. Sanamumenye mwana, sanamutukwane, sanamuthamangitse pakhomo monga amachitira ena. Iwo ankaona ngati kukhala chete ndiye chifundo chachikulu chimene akanamuchitira. Komanso mankhwala a mtima wosweka amene ankawadziwa anali amodzi okha: ntchito. Mayi awo owabereka atamwalira, iwo anasoka mayunifolomu a sukulu yathunthu, misozi ikugwera pansalu, mpaka chisoni chinaphwa. "Manja akatanganidwa, mutu umapuma," ankatero nthawi zonse.

Ndiye m'mawa womwewo anabwereranso kuchipinda kuja n'kunena kuti, ngati sukulu yakanika, bwera udzandithandize. Mwatsoka, ntchito imene inali patebulo mwezi umenewo inali ya sitolo ina yogulitsa zovala za makanda. Timadiresi, timalaya, tizipewa, tina tochepa ngati chikhatho. Atelala sanaganize kawiri. Kwa iwo nsalu inali nsalu, batani linali batani. Anamuunjikira mwanayo mulu wonse pamiyendo kuti azisokerera mabatani, ndipo iye anatenga singano. Anasoka tsiku limenelo, mawa lake, mpaka sabata yonse. Ankasoka bwino kwambiri moti mayi ake mumtima ankati mankhwala aja agwira.

Lachisanu masana kunabwera Anesi, kasitomala wawo wakalekale, amene ankagwira ntchito pachipatala chaching'ono cha kuseri kwa msika, kumbali yothandiza achinyamata. Anali mayi wathupi, wanthabwala, woti akalowa m'nyumba aliyense amadziwa kuti walowa. Anafika atanyamula diresi lawo la kuntchito m'jumbo.

"Atelala, diresi ili lachepa lokha. Ine sindinadye kanthu!"

"Zoona, Anesi. Nsalu za masiku ano zimangobwerera zokha, makamaka m'chiuno."

Onse anaseka, kupatula Wayilesi amene anali pakona, mutu uli pansi, akusokerera batani pakamalaya koyera. Patsogolo pa Anesi panali kasitomala wina, mayi wachitsikana wokhala ndi khanda la miyezi iwiri, amene ankafuna kuyezedwa diresi.

"Mtsikana, tandigwirirako mwanayu," anatero mayiyo, n'kumuika khanda m'manja asanayankhe n'komwe.

Khandalo linatsegula maso n'kugwira chala cha Wayilesi. Mtsikanayo anauma gwa.  Kenako anaimirira, n'kupereka khandalo kwa Anesi, n'kuthamangira m'nyumba, chitseko n'kuchimenyetsa.

"Iwe! Mwano umenewo wautenga kuti?" anakalipa Atelala, nkhope itagwa ndi manyazi. "Pepani mayi, mutikhululukire. Wadwala malungo posachedwapa, mutu sunakhazikike."

Koma abale, pali anthu ena odziwa ntchito yawo mpaka munthu kugoma nawo.  Anesi anangosewera ndi khanda lija, akulinena kuti lafanana ndi bambo ake amene Anesiwo sanawaonepo n'komwe, mpaka mayi uja anayezedwa n'kupita. Atatsala awiri, anavala diresi lawo lija n'kuima kuti Atelala aone powonjezera. Atelala anagwada pambali pawo, mapini ali pakamwa monga amachitira atelala onse.

"Popeza mwaluma mapini, simundidula mawu," anatero Anesi motsitsa mawu. "Ndiloleni ndinene. Malungo ndawaona a mitundu yonse pa ntchito yangayi, koma malungo othawitsa munthu khanda sindinawaonepo. Ngati si nkhani yanga, ndiuzeni, ndikhala chete. Koma ngati yakulemerani, zimene ndimve pano sizituluka pakhomo ili."

Atelala anachotsa mapini aja limodzilimodzi. Anakhala pabenchi, n'kuyang'ana kumsewu ngati kuli munthu. Kenako zonse zinatuluka: bafa, magazi, masiku anayi a m'chipatala, mawu a pageti. Aka kanali koyamba kuuza munthu, ndipo pomaliza anali akupukuta misozi ndi kansalu kotsala podula.

"Munachita bwino kuthamangira naye kuchipatala. Munapulumutsa moyo wake," anatero Anesi. "Koma chichitikireni zimenezi, munamufunsapo kuti akumva bwanji?"

"Tsiku lililonse! Ndimamufunsa ngati m'mimba mukupweteka, ngati magazi anasiya."

"Limenelo ndi thupi. Nanga mumtima?"



"Ndinkati ndikaitchula nkhaniyi ndimutosa pachilonda."

"Chilonda chomanga osatsuka chimatukusira mkati, Atelala. Atsikana amene achotsa mimba samva chimodzimodzi. Ena mtima umapepuka, ena amagwidwa ndi chisoni, ena amadziimba mlandu, ndipo ambiri zimawabwerera zonse pamodzi. Wanuyu anatsalanso pang'ono kufa, ndiye mantha a tsiku limenelo sachoka msanga. Koma chimene chimawapweteka kwambiri ndi kusenza zonsezi okha, wopanda womuuza, akuopa kunyozedwa. Kusadya, kusagona, kuthawa anzake, kukana sukulu, zimenezi si mwano kapena ulesi. Ndi kuvutika maganizo, ndipo thandizo lake lilipo ngati mmene lilili la matenda ena onse."

Ali mkati molankhula, Anesi anatola kamalaya koyera kamene Wayilesi anakagwetsa, singano ikadali lendelende.

"Nanga izi akusoka ndani?"

Atelala anayang'ana kamalayako. Anayang'ana mulu wa timadiresi patebulo, tizipewa tili pamzere, ngati akuziona koyamba. Anagwira kumutu.

"Mayo ine! Sabata yathunthu! Ndamuchita chiyani mwana wanga?"

"Musadzimenye. Munachita mwachikondi, kungoti njira inaphonya. Chofunika ndi chimene muchite lero." Anesi anakhala pambali pawo. "Pitani mukakhale naye. Musakamulalikire, musakamufunse kuti unachitiranji. Mukamuuze kuti mwabwera kudzamva. Ndipo pali funso limodzi lovuta limene mukafunse mosazungulira: ngati anaganizapo zodzipha."

"Aa, Anesi! Si ndiye ndimupatsa maganizo amene alibe?"

"Ayi. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu. Ngati alibe, akuuzani kuti alibe. Ngati ali nawo, apuma kuti wina wadziwa. Akavomera, musamusiye yekha, tipite naye lero lomwe akaonane ndi alangizi athu."

"Koma pakamwa pangapa mumapadziwa. Ndikayamba kulankhula sindiima."

"Ndiye mukachite ngati mwaluma mapini. Ine ndikhala pompano, ndikulonderani makina. Diresili lidikira, ndipo mwina podikirapo ndichepako ine."

Atelala anayamba ndi kulonga tizovala tonse tija m'thumba, n'kulimanga, n'kulikankhira pansi pa tebulo. Kenako anapita kuchipinda cha mwana wawo n'kugogoda. Chibadwire cha mwanayo anali asanagogodepo pachitseko chimenecho. Analowa n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Mwana wanga, ndabwera kudzapepesa. Pageti paja ndinakutseka pakamwa. Ndinalakwa. Ndikufuna ndimve zimene zili mumtima mwako, zonse, ngakhale zowawa. Sindikalipa."

Panadutsa nthawi. Kunja kunadutsa galimoto, kenako wogulitsa makala akuitanira malonda. Mawu ankawayabwa Atelala pakhosi, malangizo khumi ali okonzeka kale, koma anafinya milomo n'kudikira. Mwa ntchito zonse zimene anagwirapo pamoyo wawo, kukhala chete kumeneku kunali kolemetsa kuposa zonse.

"Ndimawerenga miyezi, amayi," anatero Wayilesi, nkhope ikadali kukhoma. "Ndikadzuka ndimawerenga kuti lero mimba ija ikanakhala ya miyezi ingati. Tsiku lina ndimamva kupepuka kuti zinatha. Kenako ndimadzida chifukwa cha kupepukako. Ndikatseka maso ndimaona bafa lija. Kusukulu ndimaona ngati aliyense akudziwa. Mnyamata uja anasintha nambala ya foni."

Atelala anangoika dzanja pamsana pake.

"Tizovala tija ndinkadziwa kuti ndi chilango changa. Ndinati ndingosoka, ndisadandaule. Mwina mukaona kuti ndalangika mokwanira, mudzayambanso kundiyang'ana kumaso."

Apa ndiye Atelala analephera kupirira.

"Chilango? Mwana wanga, ayi! Ine ndinkati ndikukupumitsa maganizo. Kupusa kwanga kumeneko, osati chilango. Ndinkalephera kukuyang'ana chifukwa ndikakuona ndinkakumbukira mmene ndinakupezera tsiku lija, ndiye ndinkaopa kulira pamaso pako."

Wayilesi anatembenuka, ndipo awiriwo anayang'anana kumaso koyamba pa mwezi ndi theka. Analira onse, kulira kwenikweni kosabisa. Misozi itachepa, Atelala anakoka mpweya n'kufunsa funso lija.

"Undiuze zoona. Unaganizapo zodzipha?"

Mtsikanayo anagwedeza mutu kuvomera.

"Nthawi zina ndimaganiza kuti zikanakhala bwino madokotala aja akanangondisiya. Inu bwenzi mutapuma ku manyazi."

 Sabata yonse mwana anali pakona pomwepo, pafupi ndi makina a Atelala, ali ndi maganizo otere, iwo akuyamikira mabatani. Anamugwira manja onse awiri.

"Manyazi ndingawasenze mpaka kukalamba. Koma maliro ako sindingawasenze. Wamva? Ndawauza Anesi, undikhululukire kuti sindinakufunse kaye. Ali panja, ndipo akuti pali alangizi amene angakuthandize. Ndipita nawe ineyo. Uvomera?"

"Sakandinyoza?"

"Wokunyoza ayambe wathana ndi ine."

Atatuluka anapeza Anesi akadali pabenchi, atabweza makasitomala awiri mwaulemu ndiponso atalandira buluku limodzi long'ambika. Linali tsiku lawo lopuma limenelo, koma sanayang'ane wotchi. Anamumwetulira Wayilesi ngati palibe chachilendo, n'kunena kuti, "Tiye mwanawe, tiyende pang'onopang'ono. Miyendo yangayi siithamanga."

Kuchipatala anawalowetsa m'kachipinda kapadera, kopanda anthu odutsadutsa. Alangizi, mayi wofatsa wophunzira za umoyo wa maganizo, anayamba ndi kumuuza Wayilesi kuti zimene anene zisungidwa mwachinsinsi, ndiponso kuti si iye yekha amene anamvapo zotere. Anacheza naye payekha, kenako anaitana mayi ake. Anagwirizana zoti masiku oyambawo asamakhale yekha nthawi yaitali, ndiponso za munthu woti amuuze maganizo oipa aja akabwera. Kuyambira pamenepo Wayilesi ankapitako sabata iliyonse. Anaphunzira kutchula zimene akumva m'malo mozimeza, anaphunzira zochita mantha akamugwira, ndipo alangiziwo anamufotokozera bwinobwino za njira zopewera mimba yosakonzekera, mopanda kumuchititsa manyazi.

Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi ayi. Panali masiku amene ankadya bwino n'kuthandiza kusesa, panalinso masiku amene ankabwerera pabedi. Atelala nawonso nthawi zina pakamwa pankawatsogolera, n'kuyamba kulangiza asanamve, kenako n'kudzigwira okha: "Pepa, pitiriza." Ntchito ya makanda ija anaimaliza okha, mwana ali kwa alangizi, ndipo Wayilesi akafuna kugwira singano ankamupatsa makatani.

Nanga bambo ake? Alangizi ananena kuti mwini nkhani ndi Wayilesi, ndiye asankhe yekha ngati akufuna kuwauza ndi nthawi yowauzira. Patatha masabata atatu, lole itaima pakhomo, mtsikanayo anati wakonzeka. Anawauza yekha masana a Lamlungu, mayi ake ali pambali. Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaimirira n'kutuluka. Atelala mtima unali m'mwamba. Pawindo ankawaona amuna awo akuzungulira lole, akumenya matayala ndi phazi limodzi ndi limodzi ngati pali ulendo. Anazungulira kawiri, kenako anabwerera n'kukhala pansi.

"Ndakwiya, sindinama. Mnyamata ameneyo ndikanakonda nditamuona. Koma amene ndamukwiyira kwambiri ndi ine ndemwe. Injini ikasintha kulira pang'ono pokha ndimamva. Mwana wanga wakhala chete miyezi iwiri, ine n'kukhulupirira za malungo." Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Ukufuna ndikuchitire chiyani, mwana wanga?"

"Mundiperekeze kusukulu mawa. Ndekha ndikuopa."

M'mawa mwake bamboyo anavala malaya ake abwino, n'kuyenda ndi mwana wake mpaka pakhomo la kalasi. Ulendo wa katundu unachedwa ndi tsiku lathunthu, abwana anakalipa pafoni, koma iye anati akalipe.

Teremu imeneyo Wayilesi anaimaliza. Sanakhoze bwino ngati kale, koma analemba mayeso onse, ndipo anayambiranso kupita kumpira. Masana ena, kumapeto kwa mwezi, m'kachipinda kosokera muja munali modzaza. Makina anali akulira, ndipo bambo wina anali ataima pakhomo akudikira buluku lake, akuyang'ana wotchi. Wayilesi anafika kuchokera kusukulu, chikwama chili kumsana, maso atafiira. Sanadutse kupita kukagona. Anaima pafupi ndi makina.

"Amayi, lero si tsiku labwino. M'kalasi timaphunzira za mmene mwana amakulira m'mimba. Muli ndi nthawi?"

Atelala anachotsa phazi pamakina.

"Bambo, buluku lanu mudzatenge mawa."

"Koma mayi, munati lero!"

"Ndinaterodi, pepani. Koma mwana wanga wandiitana."

Anatseka chitseko cha kumsewu, n'kukhala naye pabenchi. Tsiku loipa linali litabweradi, monga mmene alangizi ananenera kuti lizibwera nthawi zina. Koma ulendo uno mwanayo analibweretsa yekha kwa mayi ake, ndipo pofika madzulo anali atadya, akulemba ntchito ya kusukulu.

Makolo, aphunzitsi ndi aneba, phunziro lake ndi ili. Mtsikana akachotsa mimba, thupi likhoza kuchira pamene mtima ukadali ndi bala. Kukhala chete sikuchiritsa, ndipo kunyoza kumangowonjezera ululu. Mukaona mwana wasiya kudya, sakugona, akuthawa anzake kapena akulankhula za imfa, musati ndi mwano. Khalani naye pansi, mufunseni, ndipo mvetserani osamuweruza. Akatchula zodzipha, musamusiye yekha, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mimba yosakonzekera ikachitika, kapena mtsikana akayamba kutaya magazi, thamangirani kwa achipatala, osati kwa ogulitsa mankhwala mobisa. Zimene zachitika simungazibweze, koma mwana wanu akadali moyo, ndipo akufunika inuyo lero.